Mpweya wa M'kalasi: M'mene Matenda Amayendera ndi Zimene Mphunzitsi Angachite

Tikamaphunzitsa ukhondo m'sukulu zathu, kaŵirikaŵiri timanena za madzi, za zimbudzi ndi za kusamba m'manja. Timauza ana kuti asamwe madzi a pachithaphwi ndi kuti azivundikira mtsuko. Zonsezi nzoyenera ndithu. Koma pali chinthu china chimene chimaloŵa m'thupi kuposa madzi ndi chakudya, chimene sitichitchula kaŵirikaŵiri, ndicho mpweya. Munthu wamkulu amamwa madzi okwana malita 2 kapena 3 patsiku, pamene mpweya umene amapuma pa tsiku lomwelo umakwana malita 10,000 kapena kuposerapo. Madzi akakhala auve tikhoza kuwataya nkukatunga ena. Koma mpweya wa m'chipinda chimene takhalamo timaupuma basi, kaya ndi wabwino kaya ndi woipa.

Cholinga cha phunziro lino nchakuti timvetse zinthu zitatu: m'mene tizirombo ta matenda timayendera mu mpweya, chifukwa chake matenda amafala msanga m'kalasi yodzaza ndi yotseka, ndi zimene mphunzitsi angachite ndi manja ake popanda ndalama. Mfundo yaikulu ndi iyi: ana a m'kalasi imodzi amagaŵana mpweya monga m'mene anthu a m'nyumba imodzi amagaŵanira madzi a mumtsuko umodzi, ndipo woyang'anira mtsukowo ndiye mphunzitsi.

Adani osaoneka ndi maso

Matenda opatsirana amayamba ndi tizirombo ting'onoting'ono timene maso a munthu sangaone popanda makina otchedwa maikulosikopu. Tina mwa tizirombo timeneti ndi mabakiteriya, tina ndi mavairasi, ndipo mavairasi ndiwo aang'ono koposa. Poyeza tinthu totere asayansi amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa maikuloni. Titatenga milimita imodzi ya pa rula nkuigaŵa m'magawo 1,000, gawo limodzi lokha ndilo maikuloni imodzi. Kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu kumakhala pakati pa maikuloni 50 ndi 100, pamene kachirombo ka chifuŵa chachikulu nkotalika maikuloni 2 mpaka 4 basi.

Amene anatulukira kachirombo ka chifuŵa chachikulu, nthenda imene ambiri timangoitchula kuti TB, anali dokotala wa ku Germany dzina lake Robert Koch. Iye analengeza zimene anapezazo mumzinda wa Berlin pa 24 Marichi 1882, nchifukwa chake tsiku la 24 Marichi chaka chirichonse liri tsiku lokumbukira nthendayi pa dziko lonse. Kufikira nthaŵi imeneyo anthu ambiri, ngakhale madokotala amene, ankakhulupirira kuti TB ndi nthenda ya kumtundu, popeza ankaiona ikupulula anthu a banja limodzi. Chimene sankachiganizira nchakuti anthu a banja limodzi amagonanso m'nyumba imodzi.

Tisanapitirire, tisiyanitse matenda molingana ndi njira zimene amadzera, pakuti njira iriyonse iri ndi kapeŵedwe kake. Kolera ndi kamwazi zimadzera m'madzi ndi m'chakudya. Malungo amabwera ndi udzudzu. Kachirombo ka HIV sikayenda mu mpweya mpang'ono pomwe. Matenda amene tikunena pano ndi TB, chikuku, katsabola, chimfine, chifuŵa chokoka mtima ndi COVID-19. Kusamba m'manja kumathandiza pa ena mwa ameneŵa, makamaka chimfine, koma mwana akhoza kusamba m'manja kakhumi patsiku nkutengabe TB kapena chikuku, chifukwa khomo loloŵera matenda aŵiriŵa ndi mphuno ndi kamwa popuma.

Zimene zimatuluka m'kamwa mwathu

Munthu akatsokomola kapena kuyetsemula, madontho a malovu ndi mamina amatuluka. Izi aliyense amaziona. Koma m'zaka za m'ma 1890 wasayansi wina wa ku Germany, Carl Flügge, anaonetsa kuti ngakhale pamene munthu akungolankhula, m'kamwa mwake mumatuluka timadontho tosaoneka tonyamula mabakiteriya. Masiku ano tikudziŵa kuti timadontho totere timatulukanso popuma chabe, ndi kuti timachuluka kwambiri munthu akamafuula kapena kuimba.

Kodi madonthowo akatuluka amaloŵera kuti? Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi William Wells wa ku America, m'chaka cha 1934. Madontho akuluakulu ndi olemera, tsono amagwa pansi chapafupi, pa mtunda wa mita imodzi kapena mamita aŵiri. Aang'ono amauma asanafike pansi, pakuti madzi ake amasanduka nthunzi. Chotsala ndi kachidutswa kopepuka kwambiri, ndipo kachirombo ka matenda kali m'kati mwake. Mu mpweya wabata, dontho la maikuloni 100 lochokera pakamwa pa munthu woimirira limafika pansi m'masekondi 5 okha. La maikuloni 5 limatenga pafupifupi theka la ola. La maikuloni imodzi limayandama kwa maola 12.

Taganizirani za mayi amene akupeta mphale. Mphaleyo imabwerera m'lichero, gaga amagwa chapafupi ndi mapazi ake, koma fumbi losalala limatengedwa ndi mphepo nkukayetsemulitsa munthu amene wakhala patali. Kapena taganizirani za utsi m'khitchini yopanda zenera. Moto uli pangodya imodzi, koma pakapita kanthaŵi maso a onse amene ali m'menemo amalengeza misozi, ndipo utsiwo umatsalira ngakhale motowo utazimitsidwa. Umo ndi m'mene tizidutswa ting'onoting'ono timachitira m'chipinda, kungoti tiribe mtundu kapena fungo.

Kuchepa kwa tizidutswa timeneti kuli ndi choopsa china. Madontho akuluakulu amakodwa mu ubweya ndi m'mamina a m'mphuno, koma tizidutswa tosapitirira maikuloni 5 timadutsa mpaka kukafika m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo m'menemo ndimo TB imayambira. Nchifukwa chake TB sitenga munthu pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pomwera kapu imodzi ndi wodwala. Imatenga munthu pokhala nthaŵi yaitali mu mpweya umodzi ndi wodwala amene sanayambe kumwa mankhwala.

Umboni wake

Mphunzitsi ayenera kudziŵa pamene pachokera zimene akuphunzitsa, pakuti ana anzeru amafunsa kuti, “Mwadziŵa bwanji, popeza siziooneka?” Pano tipereka maumboni atatu.

Woyamba ndi wa mbira. Kuyambira m'chaka cha 1956, Richard Riley ndi anzake, potsatira maganizo a Wells, anachita kafukufuku pa chipatala china mumzinda wa Baltimore ku America. Mpweya wonse wochokera m'zipinda zogonamo odwala TB 6 unkakokedwa kudzera m'mipope nkukaloŵa m'khola la mbira pafupifupi 150 lomangidwa pamwamba pa nyumbayo. Mbirazo sizinakhudzanepo ndi wodwala aliyense, mbale yake kapena chofunda chake. Komabe kwa zaka ziŵiri mbira pafupifupi 3 mwezi uliwonse zinkatenga TB. Kenaka anamanga makola aŵiri. Mpweya wopita ku khola limodzi unkayamba wadutsa pa nyale ya kuŵala kopha tizirombo, ndipo m'khola limenelo simunapezeke mbira yotenga nthendayi, pamene m'khola linalo zinkatengabe. Anaonanso kuti odwala amene ayamba kumwa mankhwala oyenera ankapatsira mbira zochepa kwambiri poyerekeza ndi amene sanayambe.

Wachiŵiri ndi wa pasukulu. M'chaka cha 1974, pa sukulu ina ya pulaimale m'chigawo cha New York, mtsikana mmodzi wa kalasi yachiŵiri anadwala chikuku. Iye yekha anapatsira ana 28 a m'makalasi 14 osiyanasiyana, ndipo pamene mliriwo unkatha, odwala anali atakwana 60. Ofufuza anapeza kuti makina oyendetsa mpweya pasukulupo ankatenga mpweya wa m'chipinda china nkuupititsa m'zipinda zina.

Wachitatu ndi wa kwaya. Pa 10 Marichi 2020, anthu 61 anakumana kuti aphunzire nyimbo m'chipinda china ku Skagit County, m'chigawo cha Washington, ku America komweko. Anakhala pamodzi maola aŵiri ndi theka, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi COVID-19. Patapita masiku oŵerengeka anthu oposa 50 anadwala, ndipo 2 anamwalira. Ife amene timayamba tsiku ndi nyimbo, ndiponso timauza ana kuti abwereze mokweza zimene tanena, nkhani imeneyi ikutikhudza.

Masamu a kalasi yathu

Tiyeni tsopano tiŵerengere pang'ono. Tiyerekeze kalasi ya mamita 8 m'litali, mamita 7 m'lifupi ndi mamita 3 kupita m'mwamba. Tikachulukitsa 8 x 7 x 3 tikupeza 168, kutanthauza kuti m'chipindamo mumakwana mpweya wa malita 168,000. Tiikemo ana 80, ndipo tinene kuti mwana aliyense akakhala phee amapuma malita 5 pa mphindi imodzi. Ana onse pamodzi akutulutsa malita 400 pa mphindi, kapena malita 24,000 pa ola. Chipindacho chitakhala chotsekeratu, pakutha pa ola limodzi gawo limodzi mwa magawo 7 a mpweya wa m'menemo lingakhale litaloŵa kale m'chifuŵa mwa munthu nkutulukamo.

Nzoona kuti palibe kalasi yotsekeratu chotero, pakuti mpweya wina umaloŵa pansi pa chitseko ndi m'mphepete mwa denga. Koma masamu ameneŵa akutionetsa zinthu zinai zimene zimakulitsa kapena kuchepetsa ngozi: kuchuluka kwa anthu, kutalika kwa nthaŵi imene akhala pamodzi, kukweza kwa mau ao, ndi kuchuluka kwa mpweya watsopano umene ukuloŵa.

Kuchuluka kwa ana sitingakusinthe mwa ife tokha. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulaimale m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ana a sukulu m'Malaŵi chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'kanthaŵi kochepa, ndipo zipinda zophunziriramo sizinaonjezeke mofanana. Ambiri a ife tidzapatsidwa Sitandade 1 kapena 2 ya ana oposa 100. Koma zinthu zitatu zinazo, makamaka chomalizacho, ziri m'manja mwathu.

Kodi kutsegula zenera kumathandizadi? M'chaka cha 2007 Roderick Escombe ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza mpweya m'zipatala 8 za mumzinda wa Lima ku Peru. Mazenera ndi zitseko zitatsegulidwa, mpweya wa m'chipinda unkasinthika pafupifupi ka 28 pa ola, kuŵirikiza ka 18 poyerekeza ndi pamene zonse zinali zotseka. Nyumba zakale za denga lalitali ndi mazenera aakulu zinkafika ka 40 pa ola, pamene zatsopano zinkafika ka 17. Muyeso umene umafunika m'zipinda za odwala TB zokhala ndi makina okoka mpweya ndi ka 12 pa ola. Manambala a kalasi yathu adzasiyana ndi ameneŵa malinga ndi mphepo ndi kukula kwa mazenera, koma phunziro lake nlomveka: zenera lotsegula likhoza kugwira ntchito yoposa ya makina okwera mtengo.

Zimene mphunzitsi angachite

Choyamba, titsegule mbali ziŵiri. Mpweya uli ngati madzi a m'ngalande: umayenda bwino pakakhala poloŵera ndi potulukira. Zenera limodzi lotsegula limathandiza pang'ono, koma mazenera a mbali ziŵiri zoyang'anizana, kapena zenera ndi chitseko, amachititsa mphepo kudutsa m'chipinda chonse. Tiyendere kalasi yathu nkuona chimene chatseka njira ya mpweya. Kaŵirikaŵiri ndi ife tomwe: tchati chopachikidwa pa njerwa zobowola, katoni yotseka pamene panasweka galasi, kabati yoikidwa pazenera, kapena njerwa zotseka mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Matchati apite pakhoma, ndipo kumene kuli mantha a akuba tipemphe komiti ya sukulu kuti iike zitsulo kapena waya m'malo momata zenera.

Chachiŵiri, tisamale nyengo yozizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka m'madera monga Dedza ndi Mzimba, kapena ku Thyolo ndi Mulanje kukachita chiperoni, ana amene alibe majuzi amavutika ndithu, ndipo mphunzitsi wachifundo amafuna kutseka paliponse. Anthu ambiri amati mphepo yozizira ndiyo imayambitsa chimfine. Choyambitsa chimfine ndi vairasi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene chimfine chimachulukira m'nyengo imeneyi nchakuti timadzitsekera pamodzi. Tsono m'malo motseka zonse, tisiye mpata pang'ono mbali zonse ziŵiri, makamaka mazenera a m'mwamba ngati alipo, pakuti mpweya wofunda umene tapuma umakwera kumwamba. Ana opanda zofunda tiwasunthire pakati, ndipo tilole chitenje kapena juzi ya mtundu uliwonse ngakhale isafanane ndi yunifolomu.

Chachitatu, nthaŵi yopuma ikhale yopumitsanso chipinda. Ana onse atuluke, ngakhale amene sanamalize ntchito yao, ndipo mazenera ndi chitseko zikhale chitsegulire. Pobwerera, tiime pakhomo nkununkhiza. Tizirombo tiribe fungo, koma ngati m'chipindamo mukumveka fungo la thukuta ndi kutentha kwa anthu, tidziŵe kuti mpweya wake sunasinthike. Ana akamayasamula ndi kuwodzera onse pamodzi chakumasana, tiyambe taona mazenera tisanawanene kuti ndi aulesi.

Chachinai, zochita zaphokoso zipite panja. Nyimbo, ndakatulo zonena pamodzi ndi kubwereza mokweza matebulo a masamu zingachitikire pansi pa mtengo kunja kukacha bwino. Panja mpweya umene tatulutsa umabalalika msanga, ndipo dzuŵa limapha tizirombo tambiri. Msonkhano wa sukulu yonse nawonso uli bwino pabwalo kusiyana ndi m'holo yotseka.

Chachisanu, tiphunzitse katsokomoledwe koyenera. Mwana atembenukire kumbali nkutseka pakamwa ndi pamphuno ndi mpango, kapena atsokomolere m'kati mwa chigongono, osati m'manja amene adzagwira nao buku ndi choko. Kulavula pansi m'kalasi kuletsedwe. Posesa tiyambe tawaza madzi, pakuti fumbi limatsokomoletsa ana ndipo limavutitsa amene ali ndi mphumu. Pa nthaŵi ya mliri, kapena pamene mphunzitsi ali ndi chimfine koma sangajombe, chophimba kukamwa ndi mphuno chimachepetsa zimene zikutuluka. Zenera silingateteze mokwanira mwana amene watsokomoleredwa kumaso, nchifukwa chake mwambo umenewu ngwofunika.

Chachisanu ndi chimodzi, tikhale ndi diso pa wodwala. Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi, kufiira maso, chimfine ndi kutsokomola, kenaka totupa timatuluka kuyambira kumaso nkutsikira m'thupi lonse. Mwana wotere akhale kunyumba ndipo apite naye kuchipatala. Pa anthu 10 osatetezedwa amene akhala pafupi ndi wodwala chikuku, 9 akhoza kutenga, ndipo vairasi yake imakhalabe mu mpweya wa m'chipinda mpaka maola 2 wodwalayo atachokamo. Komanso wodwala amayamba kupatsira anzake masiku 4 totupa tisanaoneke, nkupitirira masiku 4 titaoneka. Apa ndipo pagona chifukwa chenicheni chotsegulira mazenera tsiku ndi tsiku. Tikadikira kuti tione wodwala ndiye titsegule, tachedwa kale.

Zizindikiro za TB ndi kutsokomola kopitirira milungu iŵiri, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuonda. Kaundula wa kalasi amatithandiza kuona mwana amene wayamba kujombajomba. Tikakayikira, tiuze mphunzitsi wamkulu, tilankhule ndi makolo mwaulemu ndi mwamseri, ndipo tiwalimbikitse kupita kuchipatala. M'zipatala za Boma kuyeza ndi mankhwala a TB nzaulere. Mankhwalawo amamwedwa kwa miyezi 6, ndipo wodwala akayamba kumwa mokhulupirika, mphamvu yake yopatsira ena imatsika kwambiri m'milungu yoŵerengeka yoyambirira. A chipatala ndiwo adzanene tsiku lobwerera kusukulu. Akabwerera, asapatsidwe kapu yakeyake, asakhazikidwe payekha, ndipo anzake asamseke. Kusalidwa ndiko kumachititsa mabanja kubisa wodwala, ndipo wodwala wobisika ndiye amapatsira anthu ambiri.

Chachisanu ndi chiŵiri, tilimbikitse katemera. M'Malaŵi mwana amalandira katemera wa BCG atangobadwa, amene amamteteza ku mitundu yoopsa ya TB ya ana aang'ono, ndi katemera wa chikuku ali ndi miyezi 9 ndiponso 15. Tisaganize kuti chikuku ndi nthenda yakale. M'chaka cha 2010 anthu oposa 130,000 anadwala chikuku m'dziko muno, oposa 300 anamwalira, ndipo ambiri mwa odwalawo anali ana a msinkhu wa sukulu ndi achikulire. Polemba ana a Sitandade 1 tifunse za khadi la kusikelo, ndipo ngati pali wotsalira tidziŵitse mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo.

Chomaliza chikukhudza ife eni. Ana aang'ono odwala TB sapatsira anzao kaŵirikaŵiri; amene amafalitsa kwambiri ndi achinyamata ndi akuluakulu amene nthendayi yagwira mapapo ao. Ndipo m'kalasi muli munthu wamkulu mmodzi amene amaima kutsogolo, atayang'ana ana, nkulankhula mokweza kuyambira m'maŵa mpaka masana. Mphunzitsi amene watsokomola milungu iŵiri akayezetse, ngakhale mayeso atayandikira. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Chimodzimodzinso m'zipinda zathu zogona pano pakoleji, m'mene timakhala ambiri kwa maola 8 usiku uliwonse, kutalika kuposa phunziro lirilonse: zenera lisatsekedwe lonse, ndipo mnzathu wotsokomola timperekeze kuchipatala m'malo momnena kumbali.

Uthenga ufike kumudzi

Sukulu si malo okha amene ana amagaŵana mpweya. Kuyambira m'chaka cha 1937 Wells anaika nyale zopha tizirombo m'makalasi ena a m'dera la Philadelphia, ndipo ana a m'makalasi amenewo anadwala chikuku mocheperapo. Koma ena atayesa njira yomweyo m'malo ena, zotsatira zake sizinali zokhutiritsa chotero, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti ana ankapatsirana m'mabasi ndi m'malo ena kunja kwa kalasi. Kwathu kuno malo otere ndi minibasi yotseka mawindo, nyumba yoonetsera kanema, tchalitchi kapena mzikiti wodzaza, ndi chipinda chogona cha kazenera kamodzi kotsekedwa ndi chiguduli. Mwana amene wamvetsa chifukwa chotsegulira zenera adzakafotokoza kwao, ndipo msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ndi mpata wina wonenera zimenezi.

Phunziro loti tiyese ndi ana

Phunziro iri likuyenera Sitandade 5 kapena 6, ndipo lingatenge mphindi 35. Zofunika ndi kagalasi koyang'anira, manachesi atatu, ulusi, timapepala topepuka ndi wotchi.

1. Mwana mmodzi apumire pa kagalasi. Ana anene chimene aona. Tiwathandize kufika pa mfundo yakuti mpweya umene timatulutsa uli ndi chinyezi ngakhale sitichiona.

2. Ngati pali kuŵala kwa dzuŵa koloŵera pabowo la malata kapena pazenera, tikupize chofufutira pabolodi chapatali pang'ono. Ana aone m'mene fumbi la choko likuyandamira osagwa msanga.

3. Titseke mazenera ndi chitseko kwa mphindi zoŵerengeka. Tisende nachesi pangodya imodzi. Mwana aliyense akweze dzanja fungo likamfika, ndipo wina alembe pabolodi nthaŵi imene lafika kumbuyo ndi nthaŵi imene latha.

4. Tibwereze titatsegula mbali imodzi yokha, kenaka mbali zonse ziŵiri. Ana ayerekeze nthaŵi zitatuzo.

5. Timangirire kapepala ku ulusi nkukapachika pazenera lirilonse. Ana anene mazenera amene mpweya ukuloŵera ndi amene ukutulukira, ndipo ajambule mapu a kalasi okhala ndi mivi.

Pomaliza tiwauze momveka kuti fungo la nachesi si kachirombo, koma latithandiza kuona kumene mpweya ukupita. Kenaka kalasi isankhe ana aŵiri oyang'anira mazenera mlungu uliwonse, monga m'mene timasankhira osesa ndi ofufuta bolodi.

Mau omaliza

Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse m'Malaŵi zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19, ndipo zinayamba kutsegulidwanso mu Seputembala chaka chomwecho. Ana anataya miyezi yambiri ya maphunziro, ndipo ena sanabwererenso. Ngakhale popanda mliri waukulu chotero, chimfine chimodzi chikazungulira kalasi chimadya masiku a ana ambiri, ndipo mwana wa Sitandade 1 amene wajomba milungu iŵiri pamene anzake akuphunzira maphatikizo amavutika kuwapeza. Tsono pamene tikupita kukayeserera kuphunzitsa, pa zokonzekera zathu za m'maŵa uliwonse, pambali pa choko, kaundula ndi chikonzero cha phunziro, tionjezerepo mazenera. M'mera mpoyamba: chizoloŵezi chimene tiyamba nacho m'chaka choyamba cha ntchito ndicho tidzakhale nacho.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Fotokozani kusiyana kwa dontho lalikulu ndi kachidutswa kouma koyandama. Nchifukwa ninji kachidutswako kali koopsa pa nkhani ya TB?

2. Yezani chipinda chimene mumaphunziriramo, ŵerengani anthu amene amakhalamo, ndipo bwerezani masamu a m'phunziro lino. Mwapeza chiyani?

3. Kafukufuku wa mbira anatsimikizira zinthu ziti zitatu?

4. Kholo labwera kudzadandaula kuti mwana wake wadwala chimfine chifukwa mumatsegula mazenera mu Julayi. Mungaliyankhe motani mwaulemu?

5. Mwana amene akumwa mankhwala a TB wabwerera kusukulu, ndipo anzake akukana kukhala naye pafupi. Konzani zimene munganene kwa kalasi popanda kumchititsa manyazi.